Kodi ndimugulire mwana tabuleti kuti adziwe kuwerenga?

"Aphunzitsi, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Dómuè m'boma la Angónia ku Mozambique. Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, ali ndi zaka 7 ndipo ali mu segunda classe, kalasi yachiwiri, koma kuwerenga ayi ndithu. Akatenga buku la Chipwitikizi amayimba tsamba lonse pamtima, koma ndikaloza mawu amodzi pakati n'kumufunsa kuti awa ndi chiyani, amangondiyang'ana. Achimwene anga a ku Dedza akuti ana awo amaphunzira kuwerenga pa tabuleti kusukulu, ndipo akuti zikuyenda. Bambo a ana ali ku Moatize kuntchito, akuti mwezi ukatha atumiza ndalama pa e-Mola kuti ndigule tabuleti. Apongozi akukana, akuti idzamuwononga maso n'kumupusitsa. Ine sukulu ndinalekera mu quinta classe, kalasi yachisanu. Kodi ndigule? Nanga ndikagula, aziphunzira m'Chichewa kapena m'Chipwitikizi? Kwathu magetsi kulibe, tili ndi kasola kotchajira foni basi."

Mayi, ndayamika kalata yanu, ndipo ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi. Mwana wa zaka 7 amene angathe kusunga m'mutu tsamba lathunthu la chilankhulo chimene kunyumba sachilankhula, mutu wake uli bwinobwino. Ndagwira choko zaka zoposa 20 m'makalasi oyambirira kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, ndipo ana ngati wanuyu ndinkakhala nawo chaka ndi chaka, ambirimbiri. Sindidzaiwala kamnyamata kena kamene kanaimirira kutsogolo tsiku lomwe kunabwera oyendera sukulu. Kanawerenga tsamba lonse mosadodoma, mawu okweza, chala chikuyenda pamzere, mpaka alendo kuomba m'manja. Ine ndili chapambali ndinaona kuti buku kalizondotsa, nkhuku ya pachithunzi miyendo ili m'mwamba. Manyazi anandigwira ine, pakuti amene anakaphunzitsa kuyimba m'malo mowerenga ndinali ine ndemwe.

Kuwerenga kumayamba tsiku limene mwana wazindikira kuti mawu otuluka pakamwa amaduka m'timaliwu ting'onoting'ono, ndipo kaliwu kalikonse kali ndi lembo lake. Akadziwa kuti m amalira "mmm" ndipo a amalira "aaa", n'kuziphatikiza kukhala ma, chitseko chatseguka. Kuchokera pamenepo ma ndi so ndi "maso", ma ndi no ndi "mano", ndipo mwana amayamba kuwerenga mawu amene sanawaonepo. Ana athu ambiri amaima pakhomo pomwepo chifukwa analoweza mayina a malembo m'Chipwitikizi, eme, ene, ele, ese, koma maliwu ake palibe anawamveketsa. Mukamuuza kuti aphatikize eme ndi a, iye amayankha mokhulupirika kuti "emea". Tikamukalipira timamulakwira, chifukwa wachita ndendende zimene tamuuza.

Pamwamba pa izi, mwana wa ku Dómuè amasenza mitolo iwiri pamutu umodzi. Akuphunzira m'mene malembo amagwirira ntchito, nthawi yomweyo akuphunzira chilankhulo chachilendo. Ngakhale atakwanitsa kutchula "janela" molondola, ngati sadziwa kuti ndi zenera, palibe chomuuza kuti wawerenga bwino. Koma akatchula "mbu-zi" amaseka yekha, chifukwa mbuziyo waiona ili pachingwe panja. Boma lathu linazindikira izi kalekale. Kuyambira 1993 mpaka 1997 kunali kuyesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo zigawo zimene anasankha zinali ziwiri zokha: Gaza ndi Chichangana, ndi Tete wathu yemweyu ndi Chinyanja. Kuchokera mu 2003 maphunziro otere, ensino bilingue, analowa m'sukulu zina za boma m'zilankhulo zingapo. Sanafike paliponse, n'chifukwa chake buku limene mwana wanu akuyimba ndi la Chipwitikizi chokhachokha.

Tsopano tabuletiyo. Achimwene anu sakunama. Ku Malawi kuli ntchito ya boma yotchedwa BEFIT, imene inayamba mu 2023, yopereka matabuleti m'sukulu za pulayimale kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Pulogalamu imene ili m'katimo inapangidwa ndi bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion, imalankhula Chichewa, ndipo imaphunzitsa kuwerenga ndi masamu. Asanaifalitse anaiyesa zaka zambiri m'sukulu zochepa, kuyambira cha mu 2013, mogwirizana ndi bungwe la VSO. Pulogalamu yomweyo m'Chiswahili inali imodzi mwa ziwiri zimene zinapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE mu 2019, ataiyesa miyezi 15 m'midzi ya ku Tanga ku Tanzania. Ku Zambia nakonso anayesa masewera a pa foni otchedwa GraphoGame, ochokera ku yunivesite ya Jyväskylä ku Finland, ndipo anawayesa m'Chinyanja pa ana a kalasi yoyamba ku Lusaka. Zotsatira zinatuluka mu 2014. Ana anapindula, ndipo phindu linaoneka bwino pamene aphunzitsi awo nawonso anali atawadziwa masewerawo.

Chifukwa chimene makina otere amathandizira n'chosavuta kumva kwa aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi ya ana 70. Ine sindikanatha kumvetsera mwana aliyense akutchula lembo lake. Anthu akutsogolo ankayankha, akumbuyo ankangotsegula pakamwa potsatira anzawo. Tabuleti imayang'anana ndi mwana mmodzi. Imabwereza liwu limodzi ka 30 osatopa, osakweza mawu, osatenga ndodo. Mwana akalakwa imamuuza pompo, anzake osamuseka, ndipo wochedwa amayenda pa liwiro lake. Pa ntchito iyi yokha, yokhomerera malembo ndi maliwu ake m'mutu, makina amatiposa aphunzitsi ambiri, ndipo ndilibe nazo manyazi kunena.

Koma pali chinthu chimene achimwene anu mwina sanakufotokozereni, chifukwa nawonso amangomva kwa ana. Tabuleti ya kusukulu ku Dedza ndi tabuleti imene mungagule pamsika ku Ulongué kapena mu mzinda wa Tete zimangofanana chikopa. Ya kusukulu ija ndi yotseka: muli pulogalamu imodzi yokha, maphunziro ake anawandandalika kuyambira chophweka kukafika chovuta, sifuna intaneti, mwana amaigwira nthawi yoikika atavala mahedifoni, mphunzitsi ali pomwepo, ikatha nthawi amaibweza kukatchaja pa sola. Ya pamsika imabwera ilibe kanthu, kapena wogulitsa wakuthiriranimo timasewera ta galimoto ndi makanema. Mwagula mphika, ufa mulibe. Dziko la Peru linaphunzira zimenezi ndi ndalama zambiri. Linagula malaputopu oposa 800,000 a ntchito ya One Laptop per Child n'kugawira ana. Pamene banki ya Inter-American Development Bank inafufuza m'sukulu 319 za kumidzi, lipoti lake la 2012 linapeza kuti patatha miyezi 15 anawo ankadziwa kugwiritsa ntchito kompyuta, koma pa mayeso a chilankhulo ndi masamu sanasiyane ndi anzawo opanda makina. Makinawo anali abwino. M'katimo munalibe ndondomeko yophunzitsira kuwerenga yolumikizana ndi zimene mphunzitsi ankachita m'kalasi.

Pa funso lanu la chilankhulo ndilibe chikayiko: ayambe ndi Chichewa. Ndikudziwa nkhawa ya makolo, ndaimva pamisonkhano yambiri. Amati mayeso ndi a Chipwitikizi, ntchito ku Moatize ndi ya Chipwitikizi, nanga Chichewa chimene amachidziwa kale n'chotayiranji nthawi. Yankho langa ndi lakuti munthu amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha pa moyo wake. Akadziwa kuti malembo amaphatikizana kukhala mawu, nzeru imeneyo amapita nayo ku chilankhulo chilichonse, monga wodziwa kupalasa njinga yake sayambiranso akabwereka ya mnzake. Ndipo Chichewa n'chokoma kuyambira nacho. Malembo a liwu ndi asanu okha, a e i o u, ndipo salira mosinthasintha. Phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu. Chimene walemba n'chimene umatchula. Chipwitikizi chili ndi maliwu a m'mphuno monga mu "mão" ndi "pão", chili ndi malembo ogundana monga mu "prato" ndi "três", amene ana athu amawamasula kukhala "pulato" ndi "tereshi", ndiponso h wongokhala chete monga mu "hora".

Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ife a m'malire timapunthwa, ndipo palibe pulogalamu yopangidwa kutali imene inaganizira mwana wa ku Angónia. Tengani ch. Pulogalamu ya ku Malawi idzamuphunzitsa kuti ch ndi wa "chala" ndi "chimanga". M'mawa mwake kusukulu adzakumana ndi "chuva" ndi "chave", pamene ch yemweyo akulira "sh". Akadzapeza buku la Chinyanja losindikizidwa kuno kwathu, adzaona kuti kalembedwe ka ku Mozambique kamagwiritsa c yekha, "cala", "cimanga", monga dzina la chilankhulo limalembedwera kuti Cinyanja. Koma c yemweyo m'Chipwitikizi amalira "k" mu "casa" ndi "s" mu "cebola". Lembo limodzi, ntchito zitatu, mwana wa zaka 7. Liwu limene m'Chichewa timalemba ny mu "nyama", Chipwitikizi chimalemba nh mu "galinha". Nsima imene amadya tsiku lililonse adzaipeza italembedwa "xima". Kwa ife h ndi mpweya wosiyanitsa "pala" ndi "phala", "kula" ndi "khula". Ndiye pali l ndi r. M'Chichewa awiriwa ndi pachibale, munthu anene "kulila" kapena "kulira" tonse timamva chimodzi. M'Chipwitikizi "lua" ndi mwezi, "rua" ndi msewu.

Musaope, izi sizimusokoneza mwana ngati wina wamuuza poyera. Chimene chimasokoneza ndi kumusiya azipeze yekha. Ine ndinkajambula nyumba ziwiri pabolodi, ina ya Chichewa ina ya Chipwitikizi, n'kuuza ana kuti ch ali ngati mkamwini: kwawo amalankhula mwina, kuukwati amalankhula mwina. Ankaseka, koma sankaiwala. Malembo ambiri, monga m, n, p, t, b, d, f, l, amalira pafupifupi chimodzimodzi m'nyumba zonse ziwiri, choncho yambani ndi amenewo. Akamwini aja, c, ch, x, j, h, nh, muwasiye kaye mpaka mwana atayamba kuwerenga timawu tophweka. Makina sangamuchitire ntchito iyi. Ndi ya munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, ndipo quinta classe yanu ikukwanira kwambiri.

Mukapeza pulogalamu iliyonse, kaya pa tabuleti kaya pa foni, muyambe mwaisewera nokha musanampatse mwana. Mvetserani ngati ikutchula liwu la lembo, "mmm", kapena ikungotchula dzina lake. Onani ngati ikuyamba ndi malembo ochepa n'kumawonjezera pang'onopang'ono, ndiponso ngati maphatikizo ovuta monga nkh, mph, ntch ndi ng' akubwera mochedwa, chifukwa mwana amene sanakhazikike pa "ma" simungamuponyere "ng'ombe" ndi "ngoma" tsiku limodzi. Kenaka lakwitsani dala. Pulogalamu yabwino imakubwezani, imatchulanso liwu lija, imakuonetsani pamene mwaphonya. Yachabechabe imangokulolani kudina paliponse mpaka kanyenyezi katatuluka. Muzimitsenso ma mega muone ngati ikugwirabe ntchito. Ikafuna intaneti nthawi zonse, kapena ikamatulutsa zotsatsa malonda pakati pa phunziro, ichotseni. Ndipo ikakhala ya Chingerezi, ngakhale ikongole chotani, imeneyo ndi mtolo wachitatu pamutu womwe uja.

Za kudina paliponsezi ndinaziona ndi maso kwa mdzukulu wanga. Bambo ake anamubweretsera foni yokhala ndi masewera a malembo, ndipo pasanathe sabata anali atamaliza magawo ambiri, nyumba yonse ikumutama. Tsiku lina ndinakhala pambali pake n'kumayang'ana chala chake m'malo moyang'ana sikirini. Sankamvetsera n'komwe. Ankayamba kudina kumanzere, ikakana apite pakati, ikakana apite kumanja, kanyenyezi n'kutuluka. Ndinatenga khala la pamoto n'kulemba "ta" pakhoma la khitchini. Anandiyang'ana monga mwana wanu amakuyang'anirani inu. Anali ataphunzira masewerawo, malembo ayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira tsiku limenelo muyeso wanga ndi umodzi: zimitsani makina, lembani papepala kapena pansi mawu amene mwana sanawaonepo, opangidwa ndi malembo amene waphunzira, muone ngati awerenga. Mungathe ngakhale kupeka mawu opanda tanthauzo monga "lomu" kapena "tefa". Woloweza amagwa pomwepo, wodziwa maliwu amawatchula n'kukufunsani kuti kodi tefa n'chiyani.

Ngati tabuleti yabwera, mphindi 20 kapena 30 patsiku n'zokwanira, ndipo ndi bwino tsiku lililonse pang'ono kusiyana ndi maola atatu Lamlungu lokha. Khalani pafupi, ngakhale mukusankha nyemba kapena mukusenda mbatatesi, kuti muzimva zimene ikunena. Muzimuuza azitchula mokweza, chifukwa makina ambiri samva ngati mwana watchula bwino kapena wangokhala duu. Ikatha nthawi, lembo limene waphunzira lero alilembe pansi ndi kamtengo, aliumbe ndi dothi, akalisake pa thumba la fetereza, pa paketi ya sopo, m'buku la nyimbo za kutchalitchi. Dzanja likalemba lembo, mutu umaligwira msanga kuposa pamene chala changoligunda pagalasi. Ndipo tabuletiyo izigona m'chikwama chanu. Ikangogona kwa ana, wamkulu uja adzailanda, wamng'ono adzaililira, ndipo mwini wake adzatsala akuonerera.

Apongozi anu musawatsutse pagulu, chifukwa m'mawu awo muli zoona. Sikirini sichititsa khungu. Koma mwana akaiyang'anitsitsa nthawi yaitali amaiwala kuphethira, maso amauma n'kuyamba kuwawa, mutu umapweteka. Madokotala a maso amanenanso kuti ana okhalitsa m'nyumba akuyang'ana zinthu zapafupi, osasewera panja, amakhala pangozi yoti asamaone bwino patali. Kuigwira usiku mumdima kumachedwetsanso tulo. Choncho aziigwira masana, pakhonde pamthunzi, isayandikire kwambiri kumaso, akamaliza apite akasewere fulaye ndi anzake. Pa wamng'ono wanu, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Za kupusa zija, chimene chimapusitsa ndi makanema osatha amene mwana amangoyang'ana kukamwa kuli yasa. Phunziro limene likumufunsa mafunso n'kudikira yankho ndi nkhani ina.

Ndiponso apongoziwo mwina ndi chuma chimene simunachiwerengere. Anthu ambiri a msinkhu wawo kuno anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, n'kubwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa 1992, ndipo ambiri anabwera akudziwa kuwerenga Chichewa cha kalembedwe ka ku Malawi. Ngati iwo ali m'gulu limeneli, apempheni kuti madzulo aziwerenga ndi mdzukulu wawo ndime imodzi ya m'Baibulo kapena nyimbo, chala chili pansi pa mawu. Ngati sadziwa kuwerenga, nthano ndi zilape zawo ndi phunziro kale. Mwana amene wamva nthano zambiri amadziwa mawu ambiri, amadziwa kuti nkhani ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo tsiku limene adzayambe kuwerenga ziganizo adzamva zimene akuwerenga. Mbali imeneyi, yomva tanthauzo, ndi imene makina amafooka nayo kwambiri. Agogo akakhala ndi gawo lawo pa ntchitoyi, mkangano wa tabuleti udzazirala wokha.

Kunena za ndalama, mtengo wa tabuleti suthera pa tsiku logula. Batire lake ndi lalikulu kuposa la foni, ndipo kasola kamene mwatchula kangalephere kudyetsa zonse ziwiri, makamaka miyezi ya mvula ndi masiku a chiperoni pamene dzuwa limabisala kuno kumapiri. Magetsi a ku Cahora Bassa amadutsa kutali ndi midzi yathu yambiri, tonse tikudziwa. Galasi likasweka, kukonzetsa kungafune ulendo wa ku Ulongué kapena ku Tete, ndipo matabuleti otchipa kwambiri amafa batire msanga. Ngati foni ya m'nyumbamo ndi yamakono, yesani kaye pa imeneyo. Pa intaneti pali malo otchedwa African Storybook pamene pali timabuku ta ana taulere m'zilankhulo za mu Africa, Chichewa ndi Chinyanja zili momwemo, ndipo mungatsitse tingapo tsiku limene muli ndi ma mega n'kumawerenga popanda intaneti. Mukapita kwa achimwene ku Dedza, akaguleninso kabuku ka Chichewa koyambira. Ndi ka ndalama zochepa ndipo sikafuna kutchaja.

Maganizo anga ndi awa: mwezi uno musagule. Auzeni bambo a ana kuti ndalamazo zisungidwe, mutengepo zochepa zogulira makope awiri, mapensulo ndi kanyale ka sola. Kwa masabata 6, tsiku lililonse mphindi 15, muphunzitseni nokha m'Chichewa. Sabata yoyamba a e i o u. Kenaka m, n, l, t, k, limodzilimodzi, lililonse ndi maphatikizo ake asanu, n'kumapanga timawu ta m'nyumba momwemo: mano, mutu, tuta, kolola, ndipo mukadzafika pa r muwonjezere "lero". Ana ambiri amene ndinawayesa njira iyi ankayamba kuphatikiza okha mwezi usanathe. Zikatero, tabuleti yokhala ndi pulogalamu yabwino idzamuthamangitsa, chifukwa idzapeza maziko. Mukadzaganiza zogula, pezani kaye pulogalamuyo, muione ikugwira ntchito m'Chichewa pamaso panu, kenaka mugule makina oti ilowemo. Anthu ambiri amachita chobwerera, amagula makina n'kuyamba kufunsa choikamo.

Pitaninso mukaonane ndi aphunzitsi ake, mwaulemu, popanda kuwaimba mlandu, chifukwa nawonso ali ndi khamu la ana. Afunseni malembo amene akuphunzitsa mwezi uno kuti kunyumba muziyenda nawo limodzi, ndiponso mwana amakhala pati m'kalasi. Funsani a direkitala ngati pasukulupo kapena pa sukulu ina ya mu ZIP yanu, gulu la sukulu zoyandikana, pali kalasi ya ensino bilingue kapena mabuku a Cinyanja amene mungabwereke. Ngati makolo ambiri muli ndi vuto lomweli, nkhaniyi ndi yoyenera kuitengera ku conselho de escola, komiti ya sukulu, chifukwa matabuleti ochepa osungidwa pasukulu, ogwiritsidwa ntchito mosinthana pamaso pa mphunzitsi, amapindulitsa ana ambiri kuposa imodzi ya pakhomo.

Pali zina zimene tabuleti kapena khama lanu sizingachize, ndipo izi musazengereze nazo. Imani kumbuyo kwake n'kumuitana chapansipansi. Ngati satembenuka, ngati amakonda kunena kuti "ee?" kapena anatulukapo mafinya m'khutu, mupite naye kuchipatala akamuone makutu, pakuti mwana wosamva bwino sangasiyanitse "pala" ndi "phala". Ngati amatsinzina poyang'ana bolodi, amayandikitsa buku pamphuno, kapena amadandaula mutu akawerenga, akapimidwe maso. Ngati anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka, kapena nthawi zina amangoti zii kwa kanthawi osamva mukamuyankhula, auzeni a chipatala zimenezo momveka. Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi, centro de saúde, iwo akaona kofunika adzakutumizani ku chipatala cha ku Ulongué kapena cha chigawo ku Tete. Musaiwalenso m'mimba: mwana wopita kusukulu ya m'mawa osadya kanthu, kapena wochepa magazi, amagona m'maso ali tseguka.

Ndipo ngati makutu ndi maso zili bwino, mwalimbikira miyezi 5 kapena 6, koma lembo limene walidziwa lero mawa waliiwala, satha kumva kuti "mano" ndi "maso" akuyamba ndi liwu limodzi, pamene pa nkhani zina ndi wochenjera, pamenepo pangakhale vuto la kuwerenga limene akatswiri amalitcha dislexia. Si ulesi, si kulodzedwa, ndipo ndodo imangoliwonjezera. Ana otere amaphunzira ndithu, koma amafuna kubwereza kochuluka ndi munthu wodekha, ndipo kwa iwo pulogalamu yabwino ya maliwu imathandiza kwambiri chifukwa cha kusatopa kuja. Kusokoneza b ndi d kokha pa zaka 7 kusakudetseni nkhawa, ana ambiri amadutsamo. Mukafika poganizira dislexia, pemphani aphunzitsi kapena a direkitala akulozereni ku ofesi ya maphunziro ya boma, SDEJT, mukafunse za thandizo la ana ofuna chisamaliro chapadera.

Mawa m'mawa, asanapite kusukulu kapena akangobwerako, lembani pansi malembo khumi mosatsata ndondomeko ya abc, mumufunse lililonse kuti limalira bwanji. Muwerenge amene wakhoza, mulembe nambalayo kuseri kwa kope limodzi ndi tsiku lake. Pakatha masabata 6 mudzachitenso chimodzimodzi, ndipo mudzandilembere nambala ziwirizo, komanso ngati anatembenuka pamene munamuitana chapansipansi.